Mtedza wa pakamwa pa thumba

Chaka chimene anandisankha kukhala mlembi wa bungwe lathu la alimi a mtedza, kwathu kuno ku Mchinji, ndinali ndi zinthu ziwiri zimene anzanga ambiri analibe: satifiketi ya Folomu 4 ndi dzanja lolemba zowerengeka. Za mtedza ndinkadziwa zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa, kukumba, kuthothola, kuyanika ndi kuswa. Koma sampulo ndinkangoimva dzina.

Mwayi unatigwera chaka chomwecho. Kampani ina ya ku Lilongwe yotumiza mbewu kunja inalonjeza kutigula matumba 300 a makilogalamu 50, ndiye kuti matani 15, pa mtengo woti mavenda a pasikelo sakanaufika ngakhale atagulitsa njinga zawo. Inatiikira lamulo limodzi lokha, lakuti mtedza usakhale ndi chuku chopyola muyezo. Titumize kaye sampulo ku labotale, ikadutsa tikweze katundu.

Pofika sabata yomaliza m'shedi yathu munali matumba 280, osanjidwa bwino pamitengo. Matumba 20 otsalawo tinkawayembekezera kwa mkulu wina, mmodzi wa amene anayambitsa bungweli, munthu woti akaimirira pamsonkhano phokoso limatha lokha. Anadwala nthawi yokolola, ntchito n'kutsalira. Ana ake, pothamangira tsiku, anachita zimene ambiri timachita koma sitizinena pagulu: anawaza madzi mtedza wamakoko madzulo kuti pofika m'mawa makoko afewe, asamapweteke zala poswa. Ataswa sanauyanikenso. Anangothira m'matumba n'kusoka.

Ngolo ya matumbawo itafika ndinamasula thumba limodzi n'kupisamo dzanja. Munali mofunda ngati m'khwapa. Fungo lake linali la bulangete limene lagona m'nyumba yodontha dzinja lonse. Njere zambiri zinkaoneka bwinobwino, zofiira, zonenepa, koma apa ndi apo ina inali yakuda kumutu, ina yofota, ina ukaiswa m'kati muli kaufa kobiriwira.

Ndinawaitana a Tcheya. Ananunkhiza n'kukhala duu kanthawi.

"A Mlembi, matumba awa tikawabweza, madala aja tikawayang'ana bwanji kumaso? Nanga 300 ija tiikwaniritsa ndi chiyani?"

"Nanga akakapezeka ndi chuku, bambo?"

"Inu munapita kusukulu. Tandiuzani, supuni imodzi ya mchere mutaithira mu mgolo wa madzi, alipo angaumve mcherewo?"

Ndinati palibe. Ndipo ndisaname, masamu awo anandigwira mtima. Thumba limodzi lokayikitsa pa matumba 14 abwino, mutasakaniza bwinobwino, choipacho chingatsale pati? Usiku umenewo tinayala malona pabwalo la shedi. Anyamata anakhuthula matumba onse 300, pang'onopang'ono, n'kumatembenuza ndi mafosholo mpaka tambala woyamba. Kutacha palibe akanaloza kuti mtedza wa madala aja uli apa. Ngakhale fungo lija linali litabalalika.

Ntchito yotapa sampulo inali yanga. Ndinamasula matumba atatu amene anali pafupi ndi chitseko, poti ndiwo anali osavuta kufikira, n'kutapa dzanja limodzi pakamwa pa thumba lililonse n'kuthira m'kajumbo. M'kajumbomo munagwera kanjere kena kosweka. Ndinakachotsa n'kukaponyera nkhuku, osati mwachinyengo ayi, koma monga mmene munthu amapukutira mbale asanaipereke kwa mlendo. Zonse pamodzi zinangodzaza kapu ya tiyi.

Zotsatira zinabwera patatha masiku ochepa: mtedza uli bwino. A Tcheya anandimenya paphewa. "Mwaona, a Mlembi? Mchere wasungunuka."

Tinachita hayala lole, ndalama yake yongongola, n'kulowera ku Lilongwe. Kumeneko tinalandiridwa ndi mayi wina wovala chovala choyera cha kuntchito, m'manja ali ndi chitsulo chachitali chosongoka, chamkati mwa mphako, chobayira matumba. Ndinamupatsa pepala lathu mwamatama. Analiwerenga msangamsanga.

"Sampulo iyi anatapa ndani?"

"Ndine, mayi."

"Matumba angati?"

"Atatu."

"Pati?"

"Pamwamba."

Sananene kanthu. Anapinda pepalalo n'kundibwezera mwaulemu. Asanatsitse ngakhale thumba limodzi, anali atalemba kale manambala a matumba oti abaye, 100 onse, osayang'ana kuti ili likuoneka bwino kapena ayi. Anyamata ake ankati akatsitsa thumba la nambala yolembedwa, iye n'kulibaya, lina kukamwa, lina pamimba, lina kutako kwenikweni, n'kumakhuthulira m'ndowa pang'onopang'ono mpaka sikelo inawerenga makilogalamu 20.

A Tcheya zinawapweteka. "Mayi, mutimalizira mtedza. Kulawa kwake n'kumeneku, pafupifupi theka la thumba?"

"Pepani bambo, ndipo wonsewu ndiupera."

Anauperadi wonse pa kachigayo, n'kuusakaniza mpaka unakhala ngati nsinjiro imodzi, ndipo m'menemo ndi mmene anatapamo tisupuni tochepa tokayeza. Yankho linatipeza titakhala pamthunzi wa lole, tikudya chimanga chootcha. Chuku chinali chitapyola muyezo, osati pang'ono.

A Tcheya anatulutsa pepala lathu lija n'kuligwedeza. "Ili likuti mtedza uli bwino. Lanulo likuti muli poizoni. Wabodza ndani?"

"Palibe wabodza, bambo," anayankha mayi uja. "Anzathu aja anayeza bwino zimene munawapatsa. Munawapatsa kapu, anayeza kapu. Ine ndayeza lole."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo zaka zingapo, mpaka ndinayamba kufunsa alangizi ndi kuwerenga chilichonse chimene ndinkachipeza.

Polakwika poyamba panali pa mchere paja. Mchere ukagwa m'madzi umasungunuka, dontho lililonse n'kutenga gawo lake. N'chifukwa chake mayi akavundula ndiwo amalawa kansonga ka chipande n'kudziwa mphika wonse. Chuku sichisungunuka. Poizoni wake, amene asayansi amamutcha aflatoxin, amapangidwa ndi nkhungu ya mtundu wa Aspergillus flavus ndi abale ake, ndipo amakhala mu njere imene nkhunguyo yalowamo. Njere imodzi ikhoza kukhala ndi poizoni wochuluka kuwirikiza masauzande ambirimbiri kuposa muyezo, pamene inzake yogundana nayo ilibe kalikonse. Fosholo imasuntha njere yoipa kuichotsa apa kuiika apo, koma siiphwanya poizoniyo kuti agawikane. Ife usiku uja sitinasungunule kanthu. Tinangomwaza njere zoipa za matumba 20 m'matumba 300.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Tingoyerekeza kuti njere imodzi imalemera theka la galamu, ndiye kilogalamu ili ndi njere 2,000. Tiyerekezenso kuti pa njere 10,000 zilizonse, imodzi yokha ndiyo yoipa, koma yoipa kwambiri moti payokha ikukweza mulu wonse kupyola muyezo. Kapu yanga ija inali ndi njere mwina 200. Mutatapa makapu otero 100, makapu pafupifupi 98 atuluka opanda njere yoipa ngakhale imodzi, ndipo labotale ilemba mosanama kuti mulibe kanthu. Awiri otsalawo akola njere imodzi, ndipo poti njereyo tsopano ili pakati pa anzake 200 m'malo mwa 10,000, makina awerenga poizoni wochuluka maulendo 50 kuposa mmene ziliri m'lole. Kapu imanama mbali zonse ziwiri: imadutsitsa katundu woipa, ndipo tsiku lina imakanitsa katundu amene akanadutsa. Tsopano tengani makilogalamu 20 a mayi uja. Muli njere 40,000, ndipo mwachidule muyenera kugwera zoipa zinayi. Mwayi woti musagwere ngakhale imodzi ndi pafupifupi 2 pa 100. Makina ndi omwewo, mtedza ndi womwewo, koma kapu imaphonya ka 98 pa 100 pamene ndowa imakola ka 98 pa 100.

Si mayi uja anadzipangira nambala imeneyi. Bungwe la Codex Alimentarius, limene limaika miyezo ya zakudya pa malonda a pakati pa mayiko, linakhazikitsa sampulo ya makilogalamu 20 pa mtedza woti ukakonzedwenso, ndi malire a mamaikulogalamu 15 pa kilogalamu. Ku European Union mtedza wopita pakamwa pa munthu mwachindunji malire ake ndi 4. Kuti mumve kuchepa kwake: 4 ameneyu ndi magalamu 4 m'matani 1,000. Pa lole yathu ya matani 15, poizoni wolemera ngati njere ziwiri kapena zitatu za mpunga ndi wokwanira kutseka chipata. Ena amati azungu amangofuna kutipondereza pa malonda, ndipo mtsutso wa kumene malire ayenera kukhala ulipodi. Koma poizoniyu si nthano. Anadziwika pambuyo pa 1960, chaka chimene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004, kum'mawa kwa Kenya, cha ku Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Wochepa amene sapha lero amadya chiwindi mwakachetechete, n'kudzabala khansa patsogolo, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akuluakulu amene ankagulitsa mtedza wa Chalimbana m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira kuti mtedza wa Malawi unkafika ku Ulaya, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zinatitayitsa msika umenewo.

Munthu amene anayala maganizo a kutapa sampulo mwadongosolo sanali wa mtedza n'komwe. Pierre Gy, katswiri wa ku France amene anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2015, anayamba ntchito ali mnyamata pa mgodi wa mtovu wa M'Fouati ku Congo, dzikolo likulamulidwa ndi Afalansa. Mu 1947 mabwana ake ku Paris anamulamula kuti awauze kuchuluka kwa mtovu mu mulu wa miyala wa matani pafupifupi 200,000. M'mulumo munali zimiyala zoti munthu sanganyamule, munalinso fumbi. Atape pati? Atape zochuluka bwanji? M'mabuku sanapezemo yankho lomukhutiritsa, ndipo funso limenelo linamudyera moyo wake wonse. Zimene anapeza zimagwira ntchito pa miyala, pa simenti, pa mankhwala, pa chakudya cha nkhuku, ndi pa mtedza wathu.

Chimodzi n'chakuti kukula kwa zidutswa kumalamula kulemera kwa sampulo, ndipo kumalamula mwankhanza. Zina zonse zikakhala chimodzimodzi, chidutswa chikakula kawiri m'lifupi, sampulo iyenera kulemera kasanu ndi katatu kuti ikhale yodalirika mofanana. N'chifukwa chake mayi uja anapera makilogalamu 20 onse asanatapemo tisupuni take. Akanangotapa njere zathunthu m'ndowamo, akanabwerera pa kapu yanga yomwe ija. Njere yoipa ikaperedwa m'pamene imayamba kukhala ngati mchere wa a Tcheya.

China, chimene chinandilasa ine mwini, n'chakuti sampulo imayenera dzinalo pokhapokha chidutswa chilichonse cha mu mulu chili ndi mwayi wofanana wotapidwa. Thumba la pansi pakona m'shedi yathu linali ndi mwayi wanji wolowa m'kajumbo kanga? Panalibe. Nanga njere ya kutako kwa thumba la pakhomo lomwelo? Panalibenso. Ndipo kanjere kosweka kamene kanadzigwera kokha m'jumbo, kamene mwina ndiko kanali mboni yokhayo yonena zoona, ndinakapatsa nkhuku.

Pakamwa pa thumba si pamalo wamba. Amayi opeta amadziwa zimenezi kuposa ife ophunzira: ukagwedeza lichero, zazikulu zimapita kwina, zazing'ono kwina. Thumba likamanyamulidwa, kuponyedwa ndi kugwedezeka, njere zofota ndi zosweka zimalowerera m'mipata n'kutsikira pansi, zonenepa n'kutsala pamwamba. Tsono zofota, zosweka ndi zobooledwa ndi tizilombo ndi zimene nthawi zambiri zimanyamula chuku chochuluka. Ndiye dzanja langa silinangotapa zochepa, linatapa pamalo pamene thumba lenilenilo linali litasankhiratu zokongola. Chikomekome cha mkuyu, popanda aliyense wochikonza dala.

Ndi feteleza wosakaniza n'chimodzimodzi, uja mukatsegula thumba mumaona timibulu toyera, totuwa ndi tofiirira. Ngati timibuluto n'tosiyana kukula, pofika kumudzi pa msewu wa mabampu timakhala titayamba kupatukana, ndipo mizere yoyamba ya m'munda imadya zosiyana ndi yomaliza. Ine masiku ano ndimakhuthulira palona n'kusakanizanso ndisanathire.

Musandimve molakwa, kusakaniza pakokha si tchimo. Mafakitale amakudalira tsiku ndi tsiku. Opanga simenti amadziwa kuti mwala wa laimu wa mbali ina ya mgodi umasiyana ndi wa mbali ina, ndiye amauyala mu mulu wautali, mizere yopyapyala mazanamazana, wina pamwamba pa unzake, kenaka n'kumadula muluwo kuchokera kumapeto ngati buledi, kuti kudula kulikonse kutenge pang'ono pa mzere uliwonse. Kumeneko akusakaniza chabwino ndi chabwino china kuti ng'anjo izilandira zofanana. Ife tinkasakaniza kuti tibise. Malamulo a European Union amaletseratu kusakaniza chakudya chopyola malire ndi chabwino pofuna kutsitsa nambala, ndipo chifukwa chake n'chomveka: avereji ikhoza kutsika papepala, koma mwana sadya avereji. Amadya njere imene yagwera m'dzanja lake.

Pali ena amene amanamiza sampulo mwadala. Mbiri yotchuka ndi ya kampani ya Bre-X ya ku Canada, imene inalengeza kuti yapeza golide wochuluka zedi ku Busang, pa chilumba cha Borneo ku Indonesia, anthu n'kuthiramo madola mabiliyoni. Mu 1997 kampani ya Freeport-McMoRan itakumba mabowo akeake pafupi ndi awo, inapeza golide wosanunkha kanthu. Zinadziwika kuti wina ankawaza fumbi la golide m'masampulo asanafike ku labotale. Nkhani zotero timazikonda chifukwa muli wakuba woti timuloze. Kwathu amene amaika fodya wabwino kunja kwa belo, zinyalala m'kati, timamudziwa dzina lake. Chimene chimandiopsa ine n'chakuti pa sampulo yanga panalibe amene anawaza kanthu. Ndinatapa ndi mtima woyera, labotale inayeza molondola, pepala linali ndi chidindo chenicheni, ndipo tonse tinakwera lole tikukhulupirira bodza.

A Tcheya anapempha kuti ayezenso. Mayi uja anati akhoza kutero, nambala isinthako ndithu, mwina kutsika mwina kukwera, poti ngakhale makilogalamu 20 si lole yonse, koma kuyeza mobwerezabwereza mpaka papezeke nambala yokoma ndi juga, osati kuyeza. Ndinamufunsa pambali ngati matumba 280 aja akanadutsa tikanapanda kusakaniza.

"Achimwene, amenewo munawayeza?"

Sitinawayeze. Mpaka lero palibe akudziwa ngati tinaononga mtedza wabwino kapena tinangoonjezera pa woipa kale. Tikanawasiya matumba 20 aja paokha, aliwonse ndi sampulo yakeyake, bwenzi tikudziwa, ndipo choipitsitsa chikanakhala kutaya 20 ndi kupirira manyazi a tsiku limodzi pamaso pa madala aja. M'malo mwake lole inabwerera ku Mchinji yodzaza, ngongole ya hayala itawirikiza kawiri.

Komiti inagwirizana kuti tiusankhe ndi manja. Kusankha kumathandizadi, chifukwa ukachotsa zofota, zakuda ndi zosweka, poizoni wambiri amachoka nazo, ngakhale kuti njere ina yooneka bwino imakhala nacho m'kati. Amayi anakhala pamphasa masabata awiri, malichero pamiyendo, mpaka misana kuuma. Wosankhidwawo tinagulitsa kwa mavenda omwe aja tinkawaseka, pa mtengo umene iwo anatchula. Zotsalira zosankha zinadzaza matumba angapo, tinawakankhira kukona kwa shedi. Ndinalemba m'buku kuti ziyenera kukwiriridwa. Kulemba ndinalembadi, koma sindinatchule woti akwirire, ndipo ine ndinatanganidwa ndi mabuku a ngongole.

Patatha mwezi ndinakacheza kwa mlongo wanga kutsidya kwa dambo. Anandiphikira nsima ya nkhwani wotendera, wokoma ngati wa malemu amayi. Kamwana kake ka zaka zitatu kanakhala pambali panga, kakunyambita zala. Ndinayamikira ndiwozo, n'kufunsa kuti nsinjiro anaipeza kuti, poti chaka chimenecho iye sanalime mtedza.

"Si uja wa kushedi kwanu, achimwene? A mlonda akugulitsa motchipa, kambale kamodzi ngati kungokupatsa. Ndinaukazinga kaye bwinobwino ndisanasinje."

Moto wa pa chiwaya suthetsa poizoni ameneyu. Ndinayang'ana mbale ya mwana uja. Inali itayera kale, ndipo anali atatambasula kadzanja kupempha zina.